Windows, Mac kapena Linux, ndani amasunga bwino chidindo cha bwana?

Anthu akamagula laputopu kapena akamaikitsa sisitimu yatsopano amakonda kufunsa kuti yotetezeka ndi iti, ndipo ambiri mmutu mwawo mumakhala antivayirasi basi. Ine ndimaona kuti nkhani yeniyeni ili pena. Kuti pulogalamu yoipa ilowe mu kompyuta si zovuta, mwatsegula fayilo imene wina wakutumizirani pa WhatsApp, mwabaya fulashi ya mnzanu, mwadawunilodi kapulogalamu kosinthira ma PDF, yalowa. Funso nlakuti ikalowamo ili ndi mphamvu zanji. Pulogalamu iliyonse imayenda ndi mphamvu za akaunti imene yaitsegula, ngati akauntiyo ndi ya munthu wamba imangofika pa mafayilo a munthuyo, singazimitse antivayirasi, singasinthe sisitimu, singasuzumire mu akaunti ya mkazi wanu kapena ya mnzanu wa ku ntchito. Nde wakuba akangolowa chimene amayamba ndi kufufuza makwerero, achoke pa munthu wamba afike pa admin, akaunti ya mphamvu zonse, ku Linux ndi ku Mac amati root, ku Windows kulinso ina yoposa admin yotchedwa SYSTEM. Kukwera kumeneku ndi kumene akatswiri amati privilege escalation. Taganizani mesenjala wa pa ofesi atapeza chidindo cha bwana mu dirowa, kalata iliyonse imene adinde iyenda ngati yachokera kwa bwanayo, palibe angafunse.

Chidindocho amachipeza mnjira ziwiri. Yoyamba amakunyengererani mpaka mupereke nokha. Yachiwiri amapeza cholakwika mu pulogalamu imene ikuyenda kale ndi mphamvu zonse, kaya ndi dalaiva, kapulogalamu koyendetsa chipangizo ngati pulinta, kaya ndi kernel, mtima weniweni wa sisitimu, nkuikwera pamsana. Ma sisitimu atatuwa amasiyana kwambiri pa njira yoyambayo, pa yachiwiriyi onse analirapo.

Ndiyambe ndi Windows poti ndi imene ili pa matebulo athu ambiri. Nthawi ya Windows XP, imene inatuluka 2001, pafupifupi aliyense ankakhala pa akaunti ya admin tsiku lonse, kutanthauza kuti kavayirasi kalikonse kamalowa kali kale bwana, panalibe ndi chokwera chomwe. Microsoft inabweretsa UAC mu Windows Vista imene inafika kwa anthu mu Januwale 2007, ndi kabokosi kaja kamadetsa sikirini nkufunsa kuti mukulola pulogalamuyi isinthe zinthu pa kompyuta yanu. Mmene imagwirira ntchito nzanzeru ndithu, ngakhale muli admin Windows imakupatsani ziphaso ziwiri, chochepa mphamvu chimene mumayendera nthawi zonse ndi chachikulu chimene chimatuluka pokhapokha mwadina Yes. Kudetsa sikirini kuja si zokongoletsa ayi, funsolo limaonekera pa malo apadera pamene mapulogalamu ena sangafike nkudzidinira okha Yes.

Vuto linabwera loti anthu anadandaula kwambiri kuti Vista ikufunsafunsa, nde mu Windows 7 ya 2009 anaifewetsa, analola kuti mapulogalamu ena a Microsoft yomweyo azikwera okha osafunsa. Apa mpamene panatseguka kakhomo. Pali kapulogalamu ka Windows kotchedwa fodhelper.exe, kamakwera kokha, koma kakamayamba kamawerenga malangizo pa gawo la registry, kaundula wa malangizo a Windows, limene munthu wamba akhoza kulembapo, wakuba amangolembapo lamulo lake nkukatsegula, lamulo lija limayenda ndi mphamvu za admin popanda kabokosi kalikonse kuonekera. Njira zoterezi zilipo zambirimbiri ndipo Microsoft imanena poyera kuti UAC samaiwerengera ngati malire enieni a chitetezo, malire enieni ali pakati pa akaunti ya standard, ya munthu wamba ija, ndi ya admin. Mfundo imeneyi ndi imene ndimafuna aliyense wa Windows aimve, chifukwa akaunti yoyamba imene mumapanga poika Windows imakhala ya admin, ndipo anthu ambiri amakhala momwemo mpaka kompyuta itafa. Mukakhala pa standard kabokosi kaja sikafunsa Yes kapena No, kamafuna pasiwedi ya admin, ndipo ma fodhelper aja sathandiza kanthu chifukwa palibe chiphaso chachikulu chimene chabisala mu akauntiyo.

Pansi pake Windows inamanga zambiri zimene sizioneka ndi maso. Pa Windows ya 64-bit dalaiva aliyense amayenera kukhala wosainidwa asanaloledwe mu kernel, pali PatchGuard amene amalondera kuti kernel isasinthidwe, ndipo pa makina atsopano pali Memory integrity imene imaika mlonda pa malo osiyana ndi kernel yeniyeniyo kuti ngakhale kernel itagwidwa mlondayo akhale ali chilili. Akuba nawo sanagone. Poti dalaiva wosasainidwa salowa, amabwera ndi dalaiva weniweni wa kampani yodziwika, wosainidwa bwinobwino koma wakale wokhala ndi chibowo, nkumuika okha. Mu 2022 gulu la BlackByte, akuba a ransomware amene amatseka mafayilo a anthu nkufuna dipo, linagwiritsa ntchito dalaiva wa MSI Afterburner kuzimitsira mapulogalamu achitetezo, chaka chomwecho ena anachita zomwezo ndi dalaiva woletsa chinyengo mu gemu ya Genshin Impact. Microsoft ili ndi mndandanda wa madalaiva oletsedwa umene umakhala woyatsa kale kuyambira Windows 11 ya 22H2, koma mndandanda umatsatira mmbuyo nthawi zonse.

Chaka cha 2021 chinaonetsa kukula kwa mpanda umene Windows imayenera kulondera. Kunali PrintNightmare, chibowo mu Print Spooler, pulogalamu imene imayang'anira mapulinta ndipo imayenda ngati SYSTEM pa kompyuta iliyonse ngakhale mulibe pulinta, munthu wamba amatha kuinamiza kuti iike dalaiva wabodza nkukhala SYSTEM. Mu Ogasiti chaka chomwecho wina anaonetsa zodabwitsa kwambiri, ungobaya mawusi ya Razer pa kompyuta, Windows yokha imakatenga pulogalamu yoikira nkuitsegula ngati SYSTEM, pulogalamuyo ikafunsa foda yoti iikemo umatsegulira PowerShell, windo lolemberamo malamulo, pomwepo, basi wakwera. Palibe amene analemba vayirasi apa, ndi kungoti Windows imayesetsa kuti chipangizo chilichonse cha kampani iliyonse chigwire ntchito mukangochibaya, ubwino wake ndi womwewo ndipo bala lake ndi lomwelo.

Ku Mac maganizo ake ndi ena. Apple inafika poti ngakhale root asakhale ndi mphamvu zonse. Mu 2015 ndi OS X El Capitan anabweretsa SIP, imene imatseka mafoda a sisitimu monga /System ndi /bin moti olo mukhale root simungalembemo, kuti muizimitse mpaka muzimitse kompyuta, mulowe mu Recovery, malo apadera okonzera sisitimu, mulembe csrutil disable muli pomwepo ndi manja anu. Catalina ya 2019 inasamutsira sisitimu pa gawo lake la diski longowerenga, Big Sur ya 2020 inawonjezera chidindo pa gawo lonselo moti kafayilo kamodzi kakasinthidwa zimadziwika. Madalaiva a makampani ena akuwatulutsa mu kernel pang'onopang'ono, ndipo pa ma Mac a tchipi cha Apple yomwe, kuyambira M1 ya 2020, kuti muike dalaiva wa mu kernel mumayenera kukatsitsa nokha chitetezo mu Recovery. Palinso zilolezo zija zimene Mac imafunsa, kamera, maikolofoni, foda ya Documents, kujambula sikirini, zimenezi zimayenda padera ndi nkhani ya root, kukhala root sikutanthauza kuti wapatsidwa kamera. Kunena zoona kamangidwe kameneka ine ndimakasilira, wakuba amakwera phiri nkupeza kuti pamwamba pali linga lina.

Koma musaganize kuti kumeneko kulibe manyazi. Mu Novembala 2017 kunadziwika kuti pa macOS High Sierra umangolemba dzina loti root, pasiwedi nkusiya popanda kanthu, kudina kangapo, walowa. Apple inakonza mwachangu patangopita tsiku limodzi koma zinachitika. SIP nayo inaboolekapo, ofufuza a Microsoft ndi amene anapeza Shrootless mu 2021 ndi Migraine mu 2023, zonse ziwiri zimadutsira mu mapulogalamu a Apple amene ali ndi chilolezo chapadera cholemba malo otsekedwa aja. Ndipo njira yonyengerera imagwira pa Mac ngati paliponse. Atomic Stealer imene inayamba kumveka 2023 imabwera ngati pulogalamu ya kiraki kapena apudeti yabodza ya bulawuza, imatulutsa kabokosi kofanana ndi ka sisitimu kopempha pasiwedi, munthu poti anazolowera kuti Mac imapemphapempha pasiwedi amangolemba. Apa Windows inachita bwino ndi kudetsa sikirini kuja, ngakhale nako kukhoza kutsanziridwa ndi chithunzi. Mlonda wa Mac wotchedwa Gatekeeper amaletsa mapulogalamu amene Apple sinawaunike, ndipo mu Sequoia ya 2024 anachotsa kanjira kachidule kaja kodina ndi Control nkutsegula, pano mpaka mukalowe mu Settings, zimathandiza ndithu koma munthu amene watsimikiza kuti akufuna Photoshop yaulere adutsa basi.

China chimene anthu ogula MacBook ya kaunjika saganizira, Apple imakonda kutumiza ma apudeti achitetezo ku ma macOS atatu omaliza okha. MacBook yooneka bwino ya zaka khumi zapitazo ikhoza kukhala kuti inaima kalekale, ili ndi SIP inde koma zibowo zonse zimene zapezeka kuchokera nthawi imeneyo zili chitsegukire.

Linux ndiye ndimaikonda koma ndiyankhula mosakondera. Maziko ake ndi abwino kuyambira kale, munthu wamba ndi wamba, root ndi root, ndipo Ubuntu kuyambira pamene inayamba 2004 imatseka akaunti ya root, ukafuna mphamvu umalemba sudo kutsogolo kwa lamulo limodzi nkupereka pasiwedi yako. Palibe kudina Yes chabe. Mapulogalamu ambiri amachokera ku nkhokwe ya distro yanu, mtundu wa Linux umene mukugwiritsa ntchito, osati pa mawebusaiti osadziwika, zimenezi zokha zimachepetsa nthawi zimene munthu amapereka mphamvu kwa mlendo. Pamwamba pake pali SELinux imene inachokera ku NSA, bungwe la zachitetezo la boma la America, mu 2000 ndipo ili mu Fedora ndi Red Hat, ndi AppArmor imene ili mu Ubuntu ndi Debian, ntchito yake ndi kumangirira pulogalamu iliyonse pa chingwe, olo ikhale root izingofika pamene inalembedwera. Kungoti pa desikitopu chingwechi chimamanga kwambiri mapulogalamu a sisitimu, zambiri zimene inu mumatsegula zimayenda zomasuka.

Bala lakale la Linux ndi chinthu chotchedwa setuid. Pali mapulogalamu ena amene aliyense akawatsegula amayenda ngati root, mwachitsanzo passwd, kuti musinthe pasiwedi yanu imayenera kulemba mu /etc/shadow imene ndi ya root yekha. Nde pulogalamu yotereyi ikakhala ndi cholakwika chimodzi chokha ndi makwerero okwana. Mu Januwale 2021 kampani ya Qualys inapeza Baron Samedit mu sudo mwenimweniyo, cholakwika chimene chinakhalamo kuyambira 2011, ndipo chinakhudzanso Mac poti nayo imagwiritsa ntchito sudo. Januwale wotsatira anapezanso PwnKit mu pkexec, kapulogalamu kena kogwira ntchito ngati sudo, chimenechi chinali chikhalire kuyambira 2009, pa ma distro akuluakulu pafupifupi onse munthu wamba amakhala root mkanthawi kochepa. Mu kernel munali Dirty COW ya 2016 imene inabisala kuyambira 2007, kenako Dirty Pipe ya 2022 imene Max Kellermann anaipeza akufufuza chifukwa chimene mafayilo a kasitomala wake amaonongekera. Ndiye mawu aja oti poti khodi ndi yotseguka aliyense amaiona, inde amaiona, koma zaka 12 pkexec inakhala ndi chibowo pamaso pa onse. Chimene ndimayamikira nchakuti zikadziwika kukonza kumabwera msanga ndipo mwini kompyuta ali ndi manja, pa PwnKit amene sakanatha kupanga apudeti tsiku lomwelo amangochotsa setuid pa pkexec ndi lamulo limodzi la chmod nkupuma kaye. Pano akuyesa kuzula muzu weniweniwo, systemd, pulogalamu yoyendetsa zinthu mu ma distro ambiri, inabweretsa mu 2024 run0 imene imagwira ntchito ya sudo koma sidalira setuid, ndipo Ubuntu 25.10 inasinthira ku sudo yolembedwanso mu Rust, chiyankhulo cha mapulogalamu chimene chimapewa zambiri mwa zolakwika zoterezi.

Koma pa desikitopu ya Linux pali zofooka zimene okonda Linux sakonda kuzitchula. Pulogalamu yoipa imene yalowa ngati munthu wamba ikhoza kulemba mu .bashrc yanu, fayilo imene imawerengedwa mukatsegula teminolo, windo lolemberamo malamulo, kuti mukadzalemba sudo iyambe ndi iyo kulandira pasiwedi, palibe chibowo chimene yagwiritsa ntchito, yangodikira. Mukalemba pasiwedi ya sudo pa Ubuntu imakumbukiridwa mphindi 15 mu teminolo imeneyo. Pa X11, njira yakale yoonetsera mawindo pa sikirini, pulogalamu iliyonse imatha kumvetsera zimene mukulemba pa kiyibodi mu mawindo ena, Wayland, njira yatsopano, ndi imene inatseka zimenezi nchifukwa chake ndi bwino kukhala pa distro imene inasamukira kumeneko. Ndipo ambiri timadzivulaza tokha, wina amaika NOPASSWD mu sudoers, fayilo ya malamulo a sudo, kuti asamafunsidwe pasiwedi, wina amadziika mu gulu la docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena mu timabokosi, osadziwa kuti kumeneko nchimodzimodzi kukhala root, wina amakopera lamulo la curl lothera ndi sudo bash, limene limadawuniloda malamulo nkuwayendetsa ngati root, pa webusaiti imene sanaionepo. Root wa pa Linux wamba alibe SIP womuletsa, akalowa walowa. Ma distro ngati Fedora Silverblue amatseka /usr kuti ikhale yongowerenga, akulowera mbali ya Mac ija, koma ndi ochepa amene amawagwiritsa ntchito.

Zilipo zina ziwiri zoti ndingotchula. ChromeOS imaunika sisitimu yake nthawi iliyonse ikamayaka ndipo munthu wamba sapatsidwa root nkomwe, kwa munthu amene ntchito yake yonse ili mu bulawuza ndi yolimba kwambiri, koma imafuna intaneti yodalirika, ndi mitengo ya bandulo kwathu kuno si onse angakwanitse. Qubes OS imene anayambitsa Joanna Rutkowska imangovomereza kuti wakuba adzakwera ndithu, nde imagawa kompyuta mu timakina tosiyanasiyana, ka banki pakokha, ka maimelo pakokha, akakhala root mu kamodzi wangokhala mfumu ya kachipinda kamodzi. Imafuna RAM yambiri ndi kuleza mtima, ndi ya atolankhani ofufuza nkhani zoopsa ndi ena otero.

Nanga ndisankhe iti? Mukaziika pa sikelo mmene zimatulukira mu bokosi, munthu osasintha kalikonse, ine ndimaika Mac patsogolo, chifukwa ndi yokhayo mwa zitatuzi imene inachepetsa mphamvu za bwana mwiniwake, bola ikhale ikulandirabe ma apudeti ndipo thumba lilole. Linux imabwera ndi malire oona pakati pa munthu wamba ndi root koma imakhulupirira mwini wake kwambiri, ili bwino mmanja mwa munthu amene amawerenga lamulo asanadine Enter. Windows mmene imabwerera ndi yofooka pa khomo loyamba lija chifukwa cha akaunti ya admin ndi Yes, komanso ndi imene akuba ambiri amaithera nthawi, koma mukaikonza pang'ono imasintha kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo zotetezera kernel za Windows 11 ndi zamphamvu kuposa zimene Linux ya pa desikitopu imabwera nazo.

Kwathu kuno zinthu ziwiri ndi zimene zimandidetsa nkhawa kuposa dzina la sisitimu. Choyamba ndi makiraki. Mumapita kukaikitsa Windows ndi Office, wokonzayo amazimitsa Defender, antivayirasi ya Windows, amatsegula ka activator, kapulogalamu kozembera layisensi, ngati admin, nkukuuzani kuti musamayatse ma apudeti kuopa kuti ifa. Taonani bwino zimene zachitika apo, UAC, kusaina madalaiva, PatchGuard, zonse zija zalambalalidwa chifukwa chidindo chaperekedwa ndi manja awiri kwa pulogalamu imene simukudziwa anailemba ndani. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Ndinakhalapo pa kashopu kena kosindikiza ndi kupanga fotokope, kompyuta imodzi ya admin, mafulashi a makasitomala akulowa ndi kutuluka tsiku lonse, momwemo muli ma CV a anthu, zithunzi za ziphaso, makalata a ku banki, mtima unandiwawa chifukwa anthu amenewo anangobwera kudzasindikiza pepala limodzi. Chachiwiri ndi ma apudeti. Zibowo zonse ndatchulazi, PrintNightmare, PwnKit, Shrootless, zinakonzedwa kalekale, zimagwirabe ntchito pa makina okhawo amene sanalandire zokonzazo. Ndikudziwa bandulo ndi yodula ndipo apudeti ya Windows imadya, koma Microsoft imatulutsa zokonza Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, kamodzi pamwezi kupeza WiFi ya ku ntchito kapena bandulo ya usiku nzotheka.

Palinso nkhani ya Windows 10 imene Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna tchipi chachitetezo cha TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ku Intel kuyambira m'badwo wa 8, nde malaputopu ambiri a kaunjika amene ali mmanja mwa ana asukulu ndi mmaofesi ang'onoang'ono sakwanitsa. Kwa makina oterewa ine ndimalangiza Linux Mint kapena Ubuntu ya LTS imene imalandira zokonza zaka 5, ndi yaulere, safuna kiraki, LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel ngakhale nthawi zina matebulo amasokonekera pang'ono. Ngati ntchito yanu ikufuna pulogalamu ya Windows yokha, monga za akaunti kapena zojambulira mapulani a nyumba, khalani pa Windows koma chitani izi lero lomwe: pangani akaunti yachiwiri ya admin yokhala ndi pasiwedi yake, yanu ya tsiku ndi tsiku muitsitse ikhale standard, kokerani UAC pamwamba penipeni pa Always notify, kenako lowani mu Windows Security pa Core isolation muone ngati Memory integrity ili yoyatsa. Ikakana kuyaka imakuonetsani dalaiva amene akuiletsa, kawirikawiri amakhala wa modemu yakale kapena foni imene munasiya kugwiritsa ntchito zaka zapitazo, mchotseni nkuyesanso.